Lole ndi kagalimoto zikawombana, chagunda chinzake mwamphamvu ndi chiti?

Funso: Aphunzitsi, ine ndi mnyamata wophunzira umakaniko ndipo galimoto zangozi ndimaziona pafupipafupi. Lole ikawombana ndi kagalimoto kakang'ono, kagalimoto kamachita kunyenyeka pomwe lole imangopindika bampala basi. Koma buku la fizikisi likuti mphamvu imene lole yagundira kagalimoto ndi yofanana ndendende ndi imene kagalimoto kagundira lole. Zikutheka bwanji zimenezi? Komanso mnzanga amalimbikira zoti galimoto ziwiri zothamanga 60 iliyonse zikawombana ndi chimodzimodzi kugunda khoma uli pa 120. Akunena zoona?

Yankho: Achimwene, buku lanulo silikunama, ndipo maso anunso sakunama ayi. Chimene chikukusokonezani ndi choti mwaphatikiza zinthu ziwiri, kukankha kwenikweniko ndi zimene kukankhako kumachita pa chinthu chokankhidwacho. Ziwirizi ndi zosiyana kwambiri.

Ndiyambe ndadandaula pang'ono za mawu akuti mphamvu. M'Chichewa mawu amodzi omwewa timawagwiritsa ntchito ponena force komanso ponena energy, pomwe mu fizikisi zimenezi ndi zinthu ziwiri, zoyezedwa mosiyananso. Nde kuti tisasocheretsane, ndikamanena za kukankha kapena kukoka ndizingoti force, ndikamanena inayo ndiziti energy, mundikhululukire Chingerezicho.

Lamulo mwawerengalo ndi lachitatu mwa malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu amene Isaac Newton anafalitsa mu 1687. Likuti chinthu china chikakankha chinzake, chinzakecho chimakankhanso choyambacho ndi force yofanana koma yoloza mbali inayo. Anthu ambiri amaliloweza bwinobwino lamuloli koma mumtima salikhulupirira, chifukwa amaganiza ngati force ndi katundu amene lole yanyamula nkukamutula pa kagalimoto, ndiye poti lole ndi yaikulu yatula wambiri. Sizili choncho. Force imabadwa pomwe zinthu ziwiri zakhudzana ndipo ndi ya zonse ziwiri, ili ngati chingwe chokokana, simunganene kuti chakungika kwambiri mbali yanga kusiyana ndi mbali yanu. Menyani khoma ndi chikhatho muone. Khomalo silinasunthe, silinakwiye, koma dzanja likuwawa, chalimenya ndani? Ndi khoma lomwelo, ndipo lakubwezerani muyezo womwewo munalipatsa.

Yesani izinso mukapeza mipando iwiri ya matayala pamalo osalala. Pa wina pakhale munthu wamkulu wojintcha, pa wina kamwana, agundanitse zikhatho nkukankhana. Kamwana kamapita uko, wamkulu amangosuntha pang'ono. Tsopano muwauze kuti akankhe ndi mwana yekha, wamkulu angolimbitsa manja. Zotsatira zake ndi zomwezo, mwana ndi amene amapita kutali. Pa zikhatho paja force inali imodzi, koma force imodziyo ikagwera pa thupi lopepuka imalisintha liwiro kwambiri, ikagwera pa lolemera imalisintha pang'ono. Limeneli ndi lamulo lachiwiri la Newton, ndipo yankho la funso lanu lagona pamenepa.

Kuti tiwerengere bwino tikufunika mawu ena amodzi, momentum. Musawaope, ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake basi, kungoti imakhala ndi kolowera, yopita kumanja ikakhala yophatikiza ndiye kuti yopita kumanzere ndi yochotsera. Ubwino wa momentum ndi woti pa kuwombana siitayika. Mukaphatikiza ya zinthu zonse ziwiri zisanagundane, mupeza nambala yomweyo zitangogundana kumene. Chifukwa chake ndi lamulo lachitatu lomwe lija, poti force ndi yofanana mbali zonse ndipo nthawi yokhudzana ndi imodzi, imene china chataya chinzake chatola. Nkhani ya kugundana kwa zinthuyi inavutitsa mitu anthu Newton asanalembe buku lake, John Wallis, Christopher Wren ndi Christiaan Huygens anapereka mayankho awo ku Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, cha m'ma 1668, nde musadzione ngati ndinu mbuli poti yakuzunguzani.

Tiyeni tiike manambala, ongoyerekeza koma oti akhoza kuchitika. Lole yodzaza katundu ikulemera makilogalamu 15,000, kagalimoto 1,000. Zonse zikuthamanga makilomita 72 pa ola, ndasankha dala 72 chifukwa ndi mamita 20 pa sekondi ndendende, masamu asativute. Momentum ya lole ndi 15,000 kuchulukitsa ndi 20, tipeza 300,000. Ya kagalimoto ndi 20,000 koma yoloza mbali inayo, nde tichotsera, kutsala 280,000 yolowera komwe imapita lole. Tinene kuti zawombana nkukolana, zikuyenda ngati chinthu chimodzi cha makilogalamu 16,000. Gawani 280,000 ndi 16,000, mupeza mamita 17.5 pa sekondi.

Taonani tsopano zimene zachitikira aliyense. Lole inali pa 20, pano ili pa 17.5, yangotaya 2.5, kapena tinene makilomita 9 pa ola, dalaivala wake wamva kugwedezeka kwamphamvu ndithu koma akupitabe komwe amapita. Kagalimoto kanali pa 20 kupita kutsogolo, pano kakubwerera chambuyo pa 17.5. Liwiro lake lasintha ndi 37.5, omwe ndi makilomita 135 pa ola, m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. 37.5 kuyerekeza ndi 2.5 ndi maulendo 15, chimodzimodzi mmene lole ikukaposera kulemera. Ndipo mukafuna umboni woti buku silinaname, chulukitsani 15,000 ndi 2.5, kenako 1,000 ndi 37.5. Konse mupeza 37,500. Momentum imene yasintha ndi yofanana mbali zonse.

Nanga force yake ndi yochuluka bwanji? Apa pakulowa nthawi. Force ndi kusintha kwa momentum kugawa ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Kuwombana kwa galimoto kumatha msanga zedi, tiyerekeze sekondi 0.1, ndiye 37,500 kugawa ndi 0.1 ndi ma newton 375,000, pa lole omwewo, pa kagalimoto omwewo. Kuti muimve bwino nambalayi, kilogalamu imodzi ikakhala pa dzanja lanu imalikanikiza ndi ma newton pafupifupi 10, nde apa tikunena ngati kusanjikiza matani 38 pamphuno pa galimoto. Kwa munthu ali mkati nkhani ndi yoti thupi lake likuyenera kusintha liwiro limodzi ndi galimoto yake. Wa mu lole akukankhidwa ndi force yokwana kulemera kwa thupi lake kawiri ndi theka. Wa m'kagalimoto, maulendo pafupifupi 38. Mtima, chiwindi, ubongo, chilichonse mkatimo chikufuna kupitirira ulendo pomwe mafupa abwezedwa kale.

Pali chinanso chimene masamu amenewa sakuonetsa koma inu amakaniko mumachidziwa kuposa ine. Tchesi ya lole ndi zitsulo zochindikala ndipo ili pamwamba, pomwe kutsogolo kwa kagalimoto ndi malata opyapyala. Force yofanana ikafinya cholimba ndi chofewa, chopindika ndi chofewacho, ngati mmene hamala ndi msomali zimamenyerana mofanana koma wopindika ndi msomali. Nthawi zinanso zitsulo za lole zimadutsa pamwamba pa zitsulo zolimba za kagalimoto nkukafikira pa galasi, nchifukwa chake malole ambiri amawaika chitsulo chopingasa chammunsi kumbuyo kuti galimoto zing'onozing'ono zisamalowe pansi pake. Ndiye kagalimoto kamaluza pawiri, pa kulemera ndi pa kulimba.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya nthawi ija chifukwa kwa ine ndi yokoma kuposa zonse, ndipo ndi imene imapulumutsa anthu. Momentum yoti ichotsedwe simungaisinthe, galimoto ikakhala pa liwiro lakutilakuti nkuima, nambala yake ndi imeneyo basi. Chimene mungasinthe ndi nthawi yoichotsera. Mukaima ndi mabuleki kuchoka pa mamita 20 pa sekondi zimatenga masekondi atatu kapena anayi, mumangoweramira kutsogolo pang'ono. Mukaima pogunda mtengo zimatenga sekondi 0.1. Momentum yomweyo, koma nthawi yafupika ka 30 kapena 40, nde force yakula ka 30 kapena 40. Muonetsetse goloboyi akamawakha mpira wa mphamvu, salimbitsa manja ngati thabwa, amaulandira manja ali kutsogolo nkubwerera nawo mpaka pachifuwa, thupi lonse nkupindika. Akuutalikitsira nthawi yoima. Inunso mukadumpha kuchoka pamwamba mumapinda maondo osauzidwa ndi munthu, ndipo tsiku limene mudzatere miyendo ili chilili msana udzakuuzani fizikisi yonse.

Tsopano mukapita pa galimoto yangozi yamakono, muiyang'ane ndi maso amenewa. Boneti yakwinyika ngati pepala, injini yakankhikira pansi, mafenda apita, koma mukagwira chitseko cha dalaivala nthawi zambiri chimatseguka, malo a miyendo alipobe. Anthu amati galimoto za masiku ano ndi zosalimba, zakale zija zinali zitsulo zenizeni. Ine mawu amenewa amandinyansa pang'ono. Kutsogoloko anakupanga dala kuti kuzipindika, chifukwa chitsulo chikamapindika hafu mita m'malo mwa masentimita 10, anthu ali mkati apatsidwa mtunda ndi nthawi yoimira yotalikirapo kasanu. Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi injiniya wa ku Mercedes-Benz dzina lake Béla Barényi, ndipo inalowa m'galimoto zogulitsa mu 1959. Galimoto yolimba ngati mwala ikagunda imatuluka yooneka bwino, koma kupindika kumene ikanapindika iyo kumakachitikira pa nthiti za munthu.

Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati munthuyo wamangiriridwa ku galimoto. Apa ndi pa lamulo loyamba, loti chinthu choyenda chimapitirira kuyenda pa liwiro lomwelo mpaka china chichiimitse, Galileo, wasayansi wa ku Italy, anali atalifufuza kale Newton asanabadwe. Wosamanga lamba, galimoto ikamapindika ndi kuchepetsa liwiro, iye akupitabe pa liwiro lake lonse, ndipo akamafika pa chiwongolero kapena pa galasi galimoto imakhala itaima kale. Kupindika konse kuja sikunamuthandize kalikonse, iye akuima payekha pa masentimita ochepa. Anthu amati anaponyedwa kutsogolo, koma kunena zoona palibe chinamuponya, chinasowa ndi chomuimitsa. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene timamanga lero anamupanga Nils Bohlin wa ku Volvo, nayenso mu 1959, ndipo ntchito yake ndi kukuimitsani limodzi ndi galimoto, kutamuka pang'ono kuti nthawi italike, komanso kuika force pa mafupa olimba a m'chiuno ndi pachifuwa. Airbag, thumba lija limafufuma mwadzidzidzi pa ngozi, ndi chimodzimodzi, helimeti ya pa njinga yamoto ndi chimodzimodzi, chigoba chakunja chimamwaza force pamalo aakulu ndipo chofewa chamkati chija chimafinyika kuti mutu uime pang'onopang'ono.

Ndipo poti tili pomwepa, kunyamula mwana pamiyendo. Mwana wa makilogalamu 10, galimoto ili pa 50 pa ola, omwe ndi mamita pafupifupi 14 pa sekondi. Momentum yake ndi 140, gawani ndi 0.1, ma newton 1,400. Kuli ngati mwanayo mwadzidzidzi akulemera makilogalamu 140 ndipo akutsomphoka m'manja, pomwe inu eni ake thupi lanu likupitanso kutsogolo. Palibe mikono ingagwire zimenezo, kaya mumanyamula zitsulo.

Tibwere kwa mnzanu uja. Akulakwitsa, komabe musamuseke kwambiri chifukwa pali pena pamene 120 yakeyo ikuchokera. Tengani galimoto ziwiri zofanana ndendende, iliyonse pa 60, ziwombane mphuno ndi mphuno. Momentum ya ina ikufafaniza ya inzake, zonse zimaima pomwe zakumaniranapo. Galimoto iliyonse yachoka pa 60 kufika pa 0, ndipo iliyonse yapinda kutsogolo kwake. Yerekezani kuti pakati pawo mwapachika chinsalu, chinsalucho sichipita kumanja kapena kumanzere, chimangofinyidwa pomwepo, ndiye kwa dalaivala aliyense chinsalucho chili ngati khoma losasunthika. Nde yankho ndi loti zikufanana ndi kugunda khoma lolimba uli pa 60, osati 120. Wogunda khoma pa 120 liwiro lake lasintha ndi 120 yonse, ndipo kutsogolo kopindika ndi kumodzi kokha.

Pamene 120 ikugwira ntchito ndi apa. Galimoto ikakhala pa 120 nkugunda inzake yofanana nayo imene yangoima, yosamanga mabuleki, ziwirizo zimapitira limodzi pa 60. Yogundayo yatsika kuchoka pa 120 kufika pa 60, yogundidwayo yakwera kuchoka pa 0 kufika pa 60, aliyense wasintha ndi 60. Chimenechi ndiye chikufanana ndi kuwombana kwa 60 ndi 60 kuja. Mnzanuyo wangosinthanitsa galimoto yoima ndi khoma, koma khoma silisuntha ndipo silipindika, galimoto imachita zonse ziwiri. Muonenso kuti zonsezi ndi za galimoto zofanana kulemera. Zikasiyana tabwerera ku lole ija, ndipo wa m'kagalimoto amatha kulandira kusintha kwa liwiro koyandikira 120 imene mnzanu akunena, paja pa chitsanzo chathu 72 ndi 72 inamupatsa 135. Nde ngati amaganiza za lole, sanaphonye patali.

Kusiyana kwa khoma la pa 60 ndi la pa 120 sikuli kawiri ayi, kuli kanayi, ndipo apa ndi pomwe energy ikulowera. Energy ya chinthu choyenda ndi theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro, nkuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo kachiwiri. Liwiro likalowa kawiri choncho, ndiye kuti mukaliwirikiza kawiri energy imakwera kanayi, mukaliwirikiza katatu imakwera ka 9. Kale anthu ophunzira anakangana zaka zambiri kuti muyezo weniweni wa kuyenda ndi uti, momentum kapena iyi ya liwiro lolowa kawiri. Willem 's Gravesande wa ku Netherlands ankagwetsa mipira yachitsulo pa dongo lofewa nkuyeza maenje ake, ndipo anapeza kuti mpira wofika ndi liwiro lowirikiza kawiri umakumba dzenje lalikulu kanayi, Émilie du Châtelet wa ku France nkudzaifotokoza bwino nkhaniyi m'buku lake la mu 1740. Mapeto ake zinapezeka kuti miyezo yonse iwiri ndi yoona, kungoti ikuyankha mafunso osiyana. Momentum imakuuzani kuti zikagundana zilowera kuti ndipo pa liwiro lanji. Energy imakuuzani kuti chitsulo chipindika chochuluka bwanji.

Kuti muione ndi maso, kugunda khoma pa 50 kuli ngati galimoto yagwa chamutu kuchoka pa mamita pafupifupi 10. Pa 100 si mamita 20 ayi, ndi pafupifupi 39. Mtunda woimira ndi mabuleki umatsatanso lamulo lomweli, pa msewu womwewo ndi matayala omwewo, wa pa 100 amafuna mtunda wotalika kanayi kuposa wa pa 50, osawerengera mtunda umene wayenda phazi lisanafike nkomwe pa buleki.

Mwina mufunsa kuti ngati momentum siitayika, nanga energy? Yonse pamodzi nayonso siitayika, koma imasintha maonekedwe. Pa lole ndi kagalimoto paja, zisanagundane energy ya kuyenda inali ma joule 3,200,000 (joule ndi muyezo wa energy), zitakolana yatsala 2,450,000. Ma joule 750,000 apita ku kupinda zitsulo, kuswa magalasi, kutentha ndi chiphokoso chija chimamveka kutali. Pa tebulo la pool zimakhala zina, mipira yake ndi yolimba ndipo siipindika mokhalitsa, nde pafupifupi energy yonse imatsala mu kuyenda. Nchifukwa chake mukamenya mpira woyera pakatikati nkukagunda unzake mwachindunji usanayambe kugudubuzika, woyerawo umaima nji pomwepo, winawo nkunyamuka ndi liwiro lonse. Zokongola pa pool, koma galimoto itamachita zimenezo bwenzi zili zoopsa, chifukwa galimoto yonjanja pa khoma nkubwerera imasintha liwiro kwambiri kuposa yongoima. Kuchoka pa 60 kutsogolo kufika pa 20 chambuyo ndi kusintha kwa 80. Opanga galimoto safuna kunjanja, amafuna chitsulo chimeze energy nkukhala chopindika chomwecho.

Zimenezi zikukhudza ntchito mukuphunzirayo mwachindunji. Zitsulo ziwiri zazitali za kutsogolo zija, zimene bampala imamangidwapo, zili ndi timakwinya ndi timaenje tomwe anaika dala kuti kupindika kuyambire pamenepo nkumapita motsatana. Chitsulo choti chinapindikapo kale, mwachiwongola ndi moto nkuchiwotcherera chigamba chochindikala pamwamba, chimaoneka bwino ndipo mwini galimoto amasangalala, koma pa ngozi yachiwiri sichidzapindika mmene anachipangira, mwina chidzathyokera pa chowotchereracho, mwina chidzakana kupindika nkupititsa force yonse kwa anthu mkati. Nchifukwa chake mabuku okonzera galimoto amanena malo enieni oyenera kudula ndi kulumikiza, ndipo zitsulo zina amati zingosinthidwa basi. Chimodzimodzi lamba amene anamangidwa pa ngozi yaikulu, ulusi wake unatamuka kale ndipo kachipangizo komukunga mwadzidzidzi kamaphulika kamodzi kokha ngati airbag, nde ameneyo ngochotsa nkuika wina ngakhale akuoneka wabwinobwino mukamukoka ndi dzanja.